Ovolosi Yokuliramo

Bodza limene Tikhala anabwera nalo kuchokera ku Sikotilandi linali laling'ono, lopindidwa bwino, lokwana m'kachikwama ka m'manja. Anauza mkulu wake Zelipa kuti wadzatenga Teleza kuti akaone sinowo pa holide ya Khirisimasi, akatsetsereke m'mapiri monga achitira ana a kumeneko, ndipo sukulu ikamatsegulira mwanayo adzakhala atabwerako. Za mapirizo zinali zoona. Malo ogona anali atasungitsa, mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono anali atamupeza. Chimene sananene n'chakuti m'kanyumba kake ku Inverness munali bedi laling'ono latsopano, ndipo sukulu ya kumapeto kwa msewu inali ikudikira mwana wotchedwa Teleza. Ulendowo unali wopita kokha.

Tikhala anali namwino, wophunzira ku Makwasa, ndipo bodza lofatsa ankalidziwa monga mbali ya ntchito: sizipweteka, mawa mudzuka bwino. Koma odwala ake sankamuphikira kalongonda, sankamuyalira mphasa pambali pa bedi lawo.

Mwana wake Teleza, Tikhala anamusiya atangomuletsa kuyamwa. Bambo wa mwanayo anali atalowera ku Joni n'kuzimirira ngati utsi wa fakitale. Zelipa, amene sanapatsidwe mwana wakewake, anangotambasula chitenje n'kunena kuti, "Pita ukagwire ntchito, zaka ziwiri si kanthu." Ziwirizo zinabereka zinzake. Tsopano mwanayo anali mu Sitandade 1, mano akutsogolo atagweruka, ndipo malayini onse a nyumba za antchito pa esiteti ya tiyi ankatcha Zelipa kuti amake Teleza. Tikhala dzina lake linali amayi a pafoni.

Esiteti yokha sinasinthe. Tiyi yemwe uja, wometedwa mofanana ngati mitu ya ana a sukulu ya mishoni, kukwera chitunda, kutsika chitunda, mpaka kumene maso alekezera. Ali kunja Tikhala ankadwala nako kubiriwiraku. Ankaima m'sitolo n'kumanunkhiza paketi ya tiyi ngati wozungulira mutu. Atafika anakumbuka kuti chimene ankachilira chija ndi munda wa eni ake, umene malemu mayi ake anathyolamo mpaka zala zinapindika, osatsala nawo ngakhale mzere umodzi. Kapena makolo a nkhalamba zimene iye ankazitembenuza pabedi ku Inverness ndiwo anaubzala. Chimene chinali chake chenicheni, mibulugama ya kuseri kwa malayini kumene ankatola nkhuni ali mtsikana, ndicho chinadulidwa. Amayi othyola tiyi akamulonjera m'Chilomwe lilime linkamulemera, iwo n'kumaseka kuti Chilomwe chake chinatsalira mu ndege.

Lamulungu masana, atabwerako kutchalitchi, Tikhala anaonetsa banja lonse kanema wa pafoni: anthu atamangirira matabwa awiri aatali kumapazi, akutsika phiri loyera. Rodwell, mwamuna wa Zelipa, kapitawo wa othyola tiyi, anaigwira foniyo patali ngati nyuzipepala.

"Ndiye alamu, anthuwa amalipira kuti agwe?"

"Amalipira kuti aphunzire kusagwa."

"Ife kuno mvula ikagwa timagwa ulere. Pamtsetse wa ku fakitale paja ndinagwa ndi njinga, miyendo m'mwamba, palibe anandijambula." Anakodola mwanayo ndi chigongono. "Komabe mwini wake wa masewerawa ndi uyu. Dzina lake lomwe ndi Teleza. Akangofika amupatsa mendulo."

Teleza sanaseke. Anali ataika mphuno pafoni. "Choyeracho n'chiyani?"

"Ndi sinowo," anatero Tikhala.

"M'Chichewa?"

"Kutchalitchi amati matalala," anayankha Rodwell.

Mwanayo anabwerera m'mbuyo. Matalala ankawadziwa. Chaka chatha anagwa masana, anaboola tiyi wa chigawo chonse cha kumtunda, othyola anakhala pakhomo opanda ntchito, ndipo anapiye a Zelipa anawapeza ali gone kuseri kwa khitchini.

"Si omwewo," anatero Tikhala. "Uyu ndi wofewa ngati ufa woyera. Sizipweteka."

Anawamva yekha mawu akewo: anali a m'chipatala, aja amatuluka singano ili kale m'manja. Teleza sanamuyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa Zelipa.

"Zoona, amayi?"

"Ine sindinamuonepo," anatero Zelipa, maso ali pa nandolo amene ankasenda. "Amayi ako anena."

M'mawa mwake mvula inagwa n'kukata, ndipo Teleza anakoka Tikhala kuti akamuonetse kanthu. Kuseri kwa malayini, pamene panali mibulugama paja, madzi anali atasalaza mtsetse wa dothi lofiira. Ana anali atadula zigubu zakale pakati, aliyense n'kumakhala m'chibenthu chake, mawondo pachibwano, mnzake n'kumukankha. Teleza analanda chigubu cha mnzake osapempha, anatsika ngati mwala, n'kukagubuduzika m'munsi pafupi ndi mzere woyamba wa tiyi. Anadzuka akulavula matope, akuseka ndi kamwa lake lopanda mano lija.

Tikhala anaima pamwamba, nsapato zake zoyera zikumira. Anakumbuka tsiku limene anzake a kuntchito anamutengera ku phiri koyamba. Anagwa mpaka matako anachita dzanzi, ndipo sizinamukhudze. Chinamupweteka chinali china: mayi wina akutsika pang'onopang'ono, kamwana kali pakati pa miyendo yake, matabwa aang'ono mkati mwa matabwa aakulu, akukanong'oneza kanthu kukhutu. Tikhala analowa m'chimbudzi cha pamalopo n'kulira magalasi ali kumaso. Bedi lija analigula sabata yomweyo.

Ankadziwanso kuti sizikakhala ngati za mayi ujayo. Adzakhala yekha, atasenza matabwa anayi ndi ndodo, mwana akulira zala zitauma ndi chisanu, popanda woti n'kumupatsira kuti tandigwirireniko. Ndipo madzulo ena a sabata imeneyo, mwanayo atatopa, atakhuta chokoleti, adzafunsa kuti tibwerera liti. Pamenepa ndi pamene maganizo a Tikhala ankathera nthawi zonse. Ankadziuza kuti sinowo adzamuthandiza, kuti mwana amene waona zokongola chotero salira nthawi yaitali.

Teleza anakwera mtsetsewo akukoka chigubu. "Kwanuko kuli matope?"

"Paphiripo kulibe."

"Ndiye zovala sizida. Amayi sadzandikalipira." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Ndikabwerako ndidzawaphunzitsa anzangawa za matabwazo. Ababa adzandidulira."

"Udzawaphunzitsa," anatero Tikhala, ndipo anawerama ngati akuchotsa matope kunsapato.

Za zovala Tikhala anali atanena kale kuti akagula komweko. Zelipa anakana. Mwana wake sangakwere ndege ngati wamasiye, kukafika kwa eni ake alibe chofunda, anthu n'kumati kodi kumene wachokerako kulibe akuluakulu. Tsiku la msika anakwera minibasi onse atatu kupita ku Boma.

Kaunjika wa ku Thyolo Boma ali ndi zonse zimene Ulaya watopa nazo. Tikhala ankaziona ndi mtima wowawa: majuzi omwe aja amene iye ankawaponya m'bokosi la zachifundo pakhomo la sitolo ku Inverness, atamutsogolera kufika kwawo. Zelipa anadutsa milu ya madiresi osaima, n'kukafika kwa a Hadija, mayi amene ankagulitsa majekete kumapeto kwa mzere.

"Za chisanu chenicheni, cha mwana," anatero Zelipa. "Akupita kwa azungu."

"Mwafika pake," anatero a Hadija, akufukula pansi pa mulu. "Zazikulu anyamata a kabaza amazilimbirana nthawi ya chiperoni. Za anazi zimangondithera malo. Ndinkati ndizisandutse mapilo."

Anatulutsa maovolosi awiri otupa ngati matiresi, a zipi kuyambira pakhosi mpaka pamchombo. Ina inali yobiriwira. Teleza ataivala inamukwana ngati telala anachita kumuyeza. Inayo inali yofiira, yatsopano ndithu, koma manja ake analendewera kupitirira zala ndipo miyendo inaunjikana pansi ngati ya munthu amene wasungunuka. Thukuta linayamba kutsika pamphumi pa mwanayo. Anthu odutsa anaima kumuonerera.

"Uyu ndiye akupita kumwezi," anatero bambo wina wa nthochi panjinga.

Zelipa anatembenuza yofiirayo, anakoka zipi kukwera ndi kutsika, anayang'ana misoko ya m'khwapa. "Titenga iyi."

"Achemwali," anatero Tikhala, "imeneyo ndi ya mwana wa Sitandade 4. Paphiri akapunthwa nayo. Yobiriwirayi ndiye yake."

"Akuliramo."

Tikhala anaseka. Mawu amenewo ndiwo anamulera. Yunifolomu yake yoyamba inkafika m'mapazi, nsapato ankaziika nyuzipepala kutsogolo, ndipo pofika nthawi yoti chovala chimukwane chinkakhala chitang'ambika kale. Palibe mwana wa pa esiteti anavalapo chinthu cha msinkhu wake. Anaganiza kuti mkulu wake ndi mayi awo enieni, anagwedeza mutu, n'kuwasiya atsitsane mtengo ndi a Hadija.

Masana mvula inabweranso. Rodwell anali adakali ku sikelo kumene othyola amayezetsa masamba, Teleza anali kwa anzake khomo lachitatu. Zelipa anakhala pakhonde, ovolosi ili pamiyendo, ndi singano ziwiri zobaya pachitenje. Anapinda mwendo umodzi mkati, anasoka ndi ulusi woyera. Anapindanso kachiwiri pamwamba pake, anasoka ndi ulusi wakuda. Tikhala anatuluka m'khitchini akupukuta manja n'kukhala pambali pake.

"Bwanji ulusi uwiri?"

"Kuti usadzasokoneze." Zelipa anayandikitsa mwendowo kumaso kwa mng'ono wake, chala chili pamsoko. "Wakudawu udzadule chaka chamawa, chisanu chikamayamba. Woyerawu chaka chinacho. Usadzakoke, udzadule ndi lezala, nsalu zoterezi zimathothoka. Manja ndichita chimodzimodzi. Amakulira m'miyendo mwanayu, manja amatsalira."

Mvula inkawomba malata. Tikhala anayang'ana misoko iwiriyo, yoyera ndi yakuda, yowongoka ngati mizere ya tiyi. Diresi mwana akhoza kukuliramo kulikonse. Chovala cha sinowo sangakuliremo ku Thyolo.

"Mwadziwa liti?" anafunsa, mawu atatsika.

"Tsiku lachiwiri. Wakhala ukutsuka mbale chibwerere. Iwe chibadwire sunatsukepo mbale osatumidwa, pokhapokha utaba shuga."

Tikhala anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka. Anabisa nkhope m'manja onyowa aja.

"Ndinkaopa kuti mukana."

"Ndikane ndine ndani? Anabereka ndine?" Zelipa analuma ulusi n'kuulavula pambali. "Ukanandifunsa ndikanalira. Ndikanakutukwana, mwina masiku awiri, mpaka a khomo linalo kumva. Kenako ndikanalola. Wandimana ngakhale kutukwanako."

"Tukwanani pano."

"Nthawi yake yapita. Ndili ndi manja awiri oti ndisoke."

Anatenga dzanja la ovolosi, analiyeza ndi chikhatho chake, chimene chinkadziwa utali wa mkono wa mwanayo popanda mwanayo kukhalapo.

"Alamu akudziwa?"

"Aja amaseka akamamva kuwawa. Sunawamve mmene asekera sabata ino?"

Tikhala anayamba kufotokoza: sukulu za kumeneko, madokotala, kuti mwanayo akula osamudziwa, kuti akadikiranso chaka china adzakhala mlendo mpaka kalekale, kuti azibwera naye, aziimba foni tsiku lililonse. Zelipa anamusiya alankhule mpaka mawu anamuthera okha.

"Zonsezo n'zoona," anatero. "Foniyo ndikuidziwa, ndaigwirira mwanayu zaka zonsezi. Tsopano uzigwira ndiwe. Koma tamvera. Mwana sachoka pamudzi ngati nkhuku yakuba, m'thumba, mlomo atautseka. Pali anthu pano amene anamuberekapo kumsana ine ndili m'munda. Atsazike. Khomo ndi khomo."

"Akatsazika adziwa."

"Adziwe. Ndipo womuuza ndiwe. Ine ndamuuza zambiri m'malo mwako: kuti abwana akana tchuthi, kuti ndege zaima, kuti Khirisimasi ikubwerayi. Ili lokha usenze wekha."

Mvula itakata, ngumbi zinatuluka. Tikhala anapeza Teleza kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala, atanjuta pafupi ndi beseni la madzi, akutola zimene zagwa n'kumaponyamo. Mapiko anali atamumatirira m'manja ndi m'masaya. Tikhala ananjuta naye. Mawondo ake anadandaula.

"Teleza, ndikufuna ndikuuze kanthu. Kumapiri kuja tipita, monga ndinanenera. Koma tikachoka kumapiriko sitibwerera kuno. Ukakhala ndi ine. Ukayamba sukulu kumeneko."

Mwanayo anatola ngumbi ina, anaiponya m'madzi. "Mpaka liti?"

"Mpaka ukule. Tizibwera kudzacheza."

"Ngati mmene mumabwerera inu?"

Yankho lofewa linali pafupi, lokonzeka kale, ndipo Tikhala analisiya lidutse. "Ndiyesetsa kuposa pamenepo. Sindikudziwa ngati ndidzakwanitsa."

"Amayi akudziwa?"

"Akudziwa."

"Apita nawo?"

"Ayi."

Teleza anayang'ana m'beseni nthawi yaitali. Ngumbi zinkazungulira pamadzi, zina zikukwera pamsana pa zinzake.

"Ndikakana?"

"Tipitabe."

"Ndiye mukundifunsiranji?"

"Sindikukufunsa, mwanawe. Ndikukuuza. Ndinayenera kukuuza tsiku lomwe ndinafika. Ndinakunamiza, ndinawanamizanso amayi ako."

Mwanayo sanalire. Anadzuka, ananyamula beseni lake ndi manja awiri kuti madzi asatayike, n'kuzungulira nyumba. Tikhala anamutsatira chapatali. Pakhonde Teleza anaika beseni pansi, anakankha ovolosi ija pamiyendo pa Zelipa mpaka inagwa, n'kukhalapo iye, msana utatsamira pachifuwa, miyendo yaitali ija ikulendewera. Zelipa anachotsa singano pachitenje kuti zisamubaye, anazibaya pamphasa. Tikhala anatola ovolosi pansi, anaikutumula, n'kuima nayo m'manja, osadziwa poiika.

Rodwell atafika anaona atatuwo, anaona nkhope ya mkazi wake, n'kuvula chipewa. Anatsegula pakamwa ngati pali nthabwala imene yabwera, koma anangoti, "Ngumbizi zikazingidwe zisanafe zonse," n'kulowa nalo beseni m'khitchini yekha.

Anayamba kutsazika m'mawa mwake, othyola asanalowe m'munda. Teleza anavala diresi lake la kutchalitchi. Ankayenda patsogolo, atagwira nsonga ya chitenje cha Zelipa, ndipo pakhomo lililonse ankagwada monga anaphunzitsidwira n'kunena yekha kuti, "Ndabwera kudzatsazika. Ndikupita kukakhala kwa amayi enawa." Amayi a m'malayini ankaika madengu pansi, ankamugwira mutu, ankalankhula ndi Zelipa motsitsa mawu m'Chilomwe chofulumira chimene Tikhala ankangogwirapo mawu amodziamodzi. Kenako ankalowa m'nyumba, chifukwa wotsazika sachoka chimanjamanja. Uyu chinanazi, uyu mtedza m'kapepala, uyu chigumu chotsala dzulo. Mphatsozo ankapatsira Tikhala, amene anali kumbuyo ndi manja opanda ntchito, ndipo ambiri sankamuyang'ana pomupatsirapo.

Iye ankadziwa kuti palibe chimodzi mwa zimenezi chidzaloledwa kudutsa pabwalo la ndege. Ankalandira ndi manja awiri, akupinda mawondo.

Pakhomo lomaliza, pafupi ndi msewu wa mathirakitala, mayi wina wokalamba amene anathyolapo tiyi limodzi ndi malemu mayi awo anatulutsa mazira m'kambale kopanda chivundikiro n'kukasanjika pamwamba pa chinanazi. Belu la ku fakitale linalira. Othyola anayamba kutsika m'mizere, madengu kumsana. Pobwerera njira inali yoterera, ndipo Tikhala ankaponda mosamala, katundu atamufika pachibwano, osaona pansi.

Teleza anacheuka koyamba m'mawa umenewo. Anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kukambale, dzanja lisanasiye chitenje cha Zelipa.

"Gwirani bwino," anatero. "Mazirawo asweka."